Kumene Kunali Timasitolo

Beech Grove, Indianapolis
9 Juni

Okondedwa alamu anga a Chrissie,

Moni, moni. Ife kuno tili bwino, kaya inu ku South Bend? Ndikufunsa mwamwambo chabe, poti yankho lanu ndikulidziwa kale. Ndi lija la "tilipo" limene mwakhala mukutipatsa chimwalirireni mlongo wanga Gray. Foni ndaimba mpaka chala chatopa. Mwana wanu Shalom wandiululira kuti imakhala m'dirowa ya kukhitchini pamodzi ndi masupuni. Ndiye ndagula envulopu ndi sitampa ngati mtsikana wa kusekondale yogonera komweko, mwina pepala simulitsekera m'dirowa.

Mwana wanuyu holide ikumukomera kuno. Akudya, akugona, akulimbirana rimoti ndi asuweni ake. Ndikamulankhula Chichewa amamva zonse bwinobwino, koma yankho limabwera m'Chizungu basi.

Tsopano nkhani imene ndalembera. Mayi Joan a kutchalitchi kwanu anandiimbira Lolemba. Akuti Loweruka anapita ndi ana awo ku paki ya zisangalalo ija ya pakati pa njira, kumene mabanja athu awiri ankakumana Julayi aliyense, inu kutsika ife kukwera. Akuti anakuonani mutakhala pabenchi, mutavala diresi la maluwa, tikiti ya chaka chonse ili pakhosi. Anakukodolani, inu osawaona. Ine ndinawauza kuti mwina anaona munthu wina, koma Mayi Joan mukuwadziwa, maso awo saphonya kanthu.

Alamu, thupi la Gray tinalitumiza kumudzi mu Novembala. Yangotha miyezi isanu ndi iwiri. Simunaiwale kuti amayi amvano anakhala nanu masiku atatu pamaliro osaona msozi wanu ndi umodzi womwe. Ine ndinakuikirani kumbuyo, ndinati anthufe timalira mosiyana. Nanga izi za kumalo a zisangalalo ndiziikira kumbuyo bwanji? Mng'ono wake wa Mayi Joan amakhala ku Ntcheu, pafupi ndi amayi, ndipo nkhani zotere siziyenda pansi. Amayi amakukondani ngati mwana wobereka okha, sindikufuna kuti izi zikuikeni pena kwa iwo. Ndiuzeni chokawauza ndisanafunsidwe.

Ine mlamu wanu,
Madalo


South Bend
16 Juni

Alamu,

Kalata ndalandira. Tilipo. Ndikugwira mashifiti anga kunyumba ya okalamba, masiku asanu, nthawi zina asanu ndi limodzi. Zikomo chifukwa cha Shalom. Mumuuze azitsuka mbale, asakhale ngati mlendo.

Mayi Joan sanalakwitse, ndinali ine. Ndimapitako Loweruka lililonse ndikakhala kuti ndili ofu. Ndimadiraiva ola ndi theka, ndimapaka galimoto, ndimalowa.

Kodi mukukakumbukira kamsewu ka timasitolo kaja, kumanzere mukangodutsa pageti? Kanali ka njerwa zofiira. Koyambirira kunali mayi uja wa makandulo, amene ankalola ana kuviika chingwe m'phula lotentha. Kandulo ya Shalom inatuluka yopindika ngati nthochi, ndipo mayiyo anaikulunga m'pepala ngati chinthu chamtengo wapatali. Kenako panali wa malamba ndi tizibangili ta chikopa. Uja ankakupatsa pensulo kuti ulembe wekha dzina, iye n'kulidinda ndi chitsulo chamoto. Lanu analidinda, la ana anu onse analidinda, osafunsa n'komwe kuti ndi dzina la kuti. Panali a maswiti ophikira pomwepo, amene ankawathira patebulo la mwala anthu tikuona. Panali wosula zitsulo. Kumapeto kwenikweni kunali mkulu wa galasi, uja ankamanga ndevu zake ndi kamphira kuti zisapse, n'kumauzira m'paipi yaitali mpaka galasi lifufume.

Zonsezo kulibenso. Anagwetsa mzere wonse. Pali sitolo imodzi yaikulu, yozizira ngati mufiriji, yogulitsa matisheti, makapu ndi zidole. Katundu wake ndi yemwe uja mungamupeze pabwalo la ndege. Pamene panali mkulu wa galasi aikapo masoketi otchajira mafoni. Njerwa anazichotsa, anathira simenti.

Benchi imene Mayi Joan anandionapo ndi yokhayo imene yatsala ya nthawi ija.

Ine mlamu wanu,
Chrissie


Beech Grove
30 Juni

Alamu anga a Chrissie,

Moni. Tili bwino, kupatula kuthamanga kwa magazi kumene mukundikwezera inuyo.

Ine ndakufunsani za amayi, inu mwandiyankha za makandulo! Timasitolo timeneto ndikutikumbukira, inde. Ndikukumbukiranso kuti ife tikamakuwa pa zisitima zija zokwera kumwamba, Gray ankakana kukwera, ankangotinyamulira zikwama n'kukaima kwa mkulu wa galasi mpaka tizikamukoka. Kabangili kanga kachikopa kanaduka kalekale. Koma alamu, dziko lino ndi lotero, chimene sichikubweretsa phindu amagwetsa. Pa Lafayette Road pomwe pano, sitolo imene ndinkagulako ufa chaka chatha lero akumetamo tsitsi. Sindinakakhalepo pabenchi.

Zimene ndinkaopa zachitika. Amayi andiimbitsa foni Lachitatu kudzera kwa Lameck, chitsiriza wathu uja. Anamva kale. Anandifunsa kuti paki ndi chiyani. Ndinavutika, alamu. Mungawafotokozere bwanji amayi a ku Ntcheu za malo amenewa? Ndinati ndi malo amene anthu amapita kukasangalala, kuli nyimbo, zakudya ndi masewera. Anangofunsa funso limodzi: "Amapita ndi ndani?" Ndinati nokha. Anati, "Munthu sapita yekha kokasangalala."

Ndinafunsanso Shalom ngati akudziwapo kanthu. Anangoti, "Auntie, she just sits there." Akuti mumangokhala basi, tsiku lonse. Izi sindinawauze amayi chifukwa ine ndemwe sindikuzimvetsa.

Tsono mvetserani bwino, chifukwa apa ndiye pali nkhani. Amayi akuti mwina nthawi yakwana yoti ankhoswe a mbali zonse akhale pansi, akusudzuleni. Akuti asadikirenso chiliza. Mukudziwa tanthauzo lake. Akakusudzulani ndiye kuti banja lathu lakumasulani, mwabwerera m'manja mwa abale anu, simulinso mpongozi wa pakhomo pathu. Mutha kukwatiwa popanda wokulozani chala. Ngati ndi zimene mukufuna, ine sindikuweruzani, muli ndi zaka makumi anayi zokha. Koma amayi anu okuberekani anatisiya kale, ndipo zaka zonsezi amene mwakhala mukuwatchula kuti amayi ndi omwewa. Poti mapepala anu sanatuluke ndipo simungapite kumudzi, akuti amalume anu a Dixon akakuimirani.

Ndiyankheni eya kapena ayi. Za maswiti musandilemberenso.

Ine,
Madalo


South Bend
14 Julayi

Alamu,

Moni. Tilipo. Pepani pochedwa kuyankha, masiku akungodutsa osawaona.

Dzulo ndinapitanso. Ndinalimba mtima n'kufunsa mtsikana wa pakauntala m'sitolo yatsopano ija kuti timasitolo tinapita kuti. Sanadziwe n'komwe kuti panali timasitolo. Anaitana bambo wina wachikulire amene amayendetsa kasitima kozungulira paki. Iyeyo ndiye anandiuza. Akuti anagwetsa dzinja lathali, paki itatsekedwa. Mayi wa makandulo anasamukira kwa mwana wake. Wa malamba amagulitsa pa intaneti. Wosula zitsulo sakudziwa kumene anapita. Mkulu wa galasi manja anayamba kumunjenjemera, ndiye anasiya yekha chaka chimodzi asanagwetse.

Ndinawerenga zala. Ndiye kuti Julayi watha, pamene sitinabwere chifukwa Gray anali atayamba kudwala, mkuluyo n'kuti atachoka kale. Gray anamwalira akuganiza kuti akadali pomwepo.

Bamboyo anandifunsa ngati ndinali kasitomala wawo. Ndinati sitinagulepo chilichonse cha galasi. Zinali zodula, komanso Gray ankati zikasweka m'galimoto. Zaka khumi ndi ziwiri tinkangoonerera.

Anthu ambiri anali ndi ana. Kunatentha. Ndinagula madzi, ndinakhala mpaka faivi koloko, ndinabwerera.

Za nkhani ya ankhoswe ija, ine ndine mwana. Zili kwa akuluakulu.

Ine mlamu wanu,
Chrissie


Beech Grove
21 Julayi

Alamu,

Moni. Mwayankha, ngakhale mwayankhira m'mphuno. Ndinawerenga mzere womalizawo katatu. Ndinaganiza kuti mukanakhala kuti simukufuna mukananena, ndiye ndawauza amayi mawu anu monga mmene munawalembera. Amayi anati, "Ndamva. Mwana waulemu sanganene poyera kuti ndimasuleni."

Lameck wakaonana ndi a Dixon. Agwirizana Loweruka, pa 17 Ogasiti.

Sindikubisirani, zandiwawa. Ndinakulandirani ine pabwalo la ndege, muli ndi kajuzi kopyapyala mu Januwale, mano akugundana. Ndinkayesa tidzakalamba tikutchulana alamu. Koma moyo ndi wanu.

Shalom ndimubweretsa pa 10, sukulu isanatsegulidwe. Akufunika nsapato zatsopano, phazi lakula.

Madalo


South Bend
28 Julayi

Okondedwa Amayi,

Ndagwada pansi pokupatsani moni. Muli bwanji, ndi miyendo ija? Alamu a Lameck ndi ana onse ali bwanji? Kuno Shalom ali bwino, watalika kundiposa.

Kalatayi ndapatsira Mayi Theresa a kutchalitchi kwathu, amene akunyamuka pa 3 Ogasiti kubwera kumudzi. Nkhani ngati iyi sindikanaitumiza pafoni ngati uthenga wa feteleza. Ndafuna ifike m'manja mwanu. Komanso foni sindikuigwira chiyambire tsiku limene inalira kuchokera kuchipatala.

Amayi, munamva zoona kuti ndimapita kumalo a zisangalalo. Ndimapita ndekha. Palibe mwamuna.

Kumaloko kunali kamsewu ka timasitolo ta anthu a ntchito zamanja. Mwana wanu sankakwera zoseweretsa. Ankaima pakhomo pa mkulu wina wopanga zinthu za galasi, maola awiri, atatu, zikwama zathu zili paphewa. Chaka china ndinamukalipira, ndinati talipira geti kuti uzidzaonerera munthu akugwira ntchito? Anandiyankha kuti m'dziko lino chilichonse chimabwera m'katoni, sudziwa amene anachipanga. Anati pokhapa ndi pamene amaona manja a munthu ali pa ntchito. Anati mkuluyo akamazunguza paipi amaluma mlomo wam'munsi ngati mmene ankachitira bambo ake pokhoma zidebe pamsika wa Lizulu. Atatero anatembenukira kumoto kuja, ine n'kumusiya.

Chimwalirireni Gray sindinalire, Amayi. Anthu sakunama. Pamaliro ndinkayesetsa, osatheka. Manda ake sindinawaone. M'nyumba muno ndikaona malaya ake ndimangoona malaya. Ndimadya osamva kukoma, ndimasambitsa okalamba kuntchito, ndimabwerako, ndimagona. M'kati mwangamu muli zii ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

Ndiye ndinaganiza kuti ndikakaima pamene ankaima iye, ndikamva kutentha kwa moto uja kumaso, mwina misozi ibwera. Nditafika ndinapeza anagwetsa zonse. Ndimabwererabe chifukwa sindikudziwa kwina kopita. Diresi la maluwa limene anthu akunenalo ndi limene ndinavala ulendo wathu womaliza.

Pamene alamu a Madalo anandifunsa za kusudzula, ndinati zili kwa akuluakulu. Ndinaleredwa kuti mpongozi sakana mawu a apongozi ake pa ulendo woyamba. Ndinkayesa mutuma munthu kudzandifunsanso kachiwiri, monga mmene timachitira kwathu, kuti pamenepo ndinene za kumtima. Ndinaiwala kuti kuno kulibe wodzagogoda pakhomo kachiwiri. Kulakwa ndi kwanga.

Chonde, Amayi, musandisudzule. Sindikufuna kumasulidwa. Mwamuna ndataya, ndisatayenso amayi chaka chomwechi. Ndisiyeni ndikhale mpongozi wanu, ngakhale wosalira.

Ine mwana wanu,
Amake Shalom


Ntcheu
25 Ogasiti

A Chrissie,

Akulemba ndi Lameck, mawu ndi anga. Moni. Miyendo ikupwetekabe koma ndikuyenda. Chimanga chaka chino sichinachite bwino. Mundipatsire moni mdzukulu wanga.

Kalata yanu yafika Lachinayi lapitali, pa 22. Mayi Theresa atatsika ndege anapeza maliro kwawo ku Kasungu, anakhala kumeneko masabata awiri kalata ili m'chikwama. Abwera okha kudzapepesa. Sindinawakalipire, sankadziwa zimene anyamula.

Mwambo tinachita pa 17 monga tinapangana. A Dixon anabwera ndi alongo awo awiri. Ankhoswe analankhula, a mbali yathu anapereka mawu oti inu, mwana wawo, ndinu womasuka, a Dixon analandira n'kuthokoza. Anthu anadya, anabalalika. Mudzi wonse unaona.

Lameck wandiwerengera kalata yanu kawiri. Ulendo woyamba atafika pa za kuluma mlomo ndinamuuza kuti aime kaye, ndinatuluka panja. Gray anachoka kuno ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, sanandiuzepo kuti amawasowa bambo ake. Shedi ya zidebe ija pamsika anaiphwasula kale, pano pali golosale ya ndowa za pulasitiki. Ine ndikamadutsapo ndimayang'ana kumbali. Inu mwalimba mtima, mumakhala n'kumayang'ana pomwepo.

Ine sindinakusudzuleni chifukwa cha mkwiyo. Nditamva kuti mumapita kokasangalala ndinati mwanayu akadali wamng'ono, ali kudziko la eni, mwina wapeza womuthandiza koma akuchita nane manyazi. Ndinati ndisamumange ndi munthu wakufa. Ine bambo ake a Gray atamwalira abale awo anandisunga zaka zitatu osandimasula, ndikudziwa kulemera kwake. Ndinkayesa ndikukuchitirani chifundo. Ndikanatuma munthu kachiwiri, ndi zoona. Ndinafunsa kamodzi, pafoni, kudzera mwa wina. Pamenepo ndinalakwa ndine.

Dzulo ndinapita kwa ankhoswe kukafunsa ngati zingabwezedwe. Akuti mawu anaperekedwa pamaso pa anthu ndipo eni ake analandira, sangakawalandenso. Akuti zikanatheka mwamuna akanakhala moyo, koma palibe womubwezera mkazi. Ndinawachonderera. Anakana.

Shalom ndi magazi athu mpaka kalekale. Inunso pakhomo pano mukadzabwera simudzagona ndi njala. Koma Lameck atatenga cholembera anandifunsa kuti pamwamba alembe kuti chiyani. Dzina loti mpongozi silikanathekanso. Ndiye tangolemba dzina lanu.

Ine,
Amake Gray


Beech Grove
8 Sepitembala

Alamu,

Ndikutchulanibe choncho, amene akufuna akandisumire.

Mayi Theresa abwerako Lachisanu, anatsikira kuno, ndiye kalata ya amayi ndaiika m'envulopu yomweyi. Sindinaitsegule. Sindinafunikenso kutero, Lameck anandiuza zonse pafoni, mpaka zimene munawalembera amayi.

Chrissie, bwanji osandiuza ine? Pa 10 paja ndinabwera ndi Shalom mpaka pakhomo panu. Munandiphikira tiyi. Tinakhala patebulo ola lathunthu tikukamba za nsapato ndi mayunifolomu, kutatsala sabata yathunthu kuti mwambo uchitike. Foni inali m'chikwama mwanga. Mukanangoti "sindikufuna", ndikanaimba pomwepo. Ndikudziwa, munkayesa kalata yafika kale, ndipo ine ndinali nditafufuma ngati chule, osafuna kuiyambitsa nkhaniyo. Munandilembera makalata awiri athunthu a za mlongo wanga, ine n'kumawerenga za makandulo. Ndine amene ndinawauza amayi kuti ndi malo okasangalala. Mawu amenewo anatuluka pakamwa panga.

Ndalira sabata yonse, mpaka kuntchito andifunsa ngati kwagwanso maliro ena.

Loweruka likubwerali ndasinthana shifiti ndi mnzanga. Ndikwera, inu mutsike, tikakumane pabenchi yanuyo. Sindikalankhula zambiri, ndikulonjeza, ngakhale mukudziwa kuti kwa ine ndi chilango. Mukandionetse pamene ankaima.

Ine mlamu wanu,
Madalo


South Bend
11 Sepitembala

A Madalo,

Makalata onse awiri ndalandira. Tilipo. Shalom wayamba bwino sukulu, nsapato zamukwana.

Musavutike ndi ulendo wa Loweruka. Paki anatseka pa 2, adzatsegulanso mu Meyi. Ndinalipo tsiku lomaliza. M'sitolo yaikulu ija anali atatsitsa mitengo ya matisheti, anthu anali pamzere mpaka panja. Mtsikana wa pakauntala uja anandizindikira, anandibayibitsa. Madzulo anyamata antchito anayamba kunyamula mabenchi kukasunga, ndiye ndinaimirira kuti atenge yangayo.

Musadziimbe mlandu. Munandifunsa eya kapena ayi, ine sindinayankhe.

Kalata ya kumudzi ndaiwerenga kamodzi, nditakhala m'galimoto pamalo oimika magalimoto kuntchito. Ndinadikira kuti mwina tsopano. Misozi sinabwere. Nthawi itakwana ndinalowa, ndinakasambitsa anthu anga.

Shalom adzabwera kwa inu pa Khirisimasi monga mwa nthawi zonse, asaiwale kwawo kwa bambo ake. Mukaimba kumudzi, muwauze amayi anu kuti ndamva, ndipo ndathokoza chifukwa cha zaka zonsezi.

Ine,
Chrissie